Kampando ka Bambo Tembo

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha Bambo Yesaya Tembo kumanda a kwawo, kuseri kwa Kamwendo, patatha chaka chimodzi chiwaikireni m'manda. Olankhula anachuluka, ndipo ambiri analankhula motalika. Abusa anati malemuwa anali munthu wofatsa. Woimira banja anati sankakangana ndi munthu. Ine ndinakhala chete pa mkeka wa amayi, koma mumtima ndinakana zonse ziwiri. Ndinaphunzitsa nawo pa sukulu imodzi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndikudziwa kuti a Tembo sanali ofatsa. Ankakangana ndi anthu kawirikawiri, ine ndemwe ndili m'gulu la anthu amenewo. Si bwino kumusandutsa munthu wina chifukwa chakuti wamwalira. Ndaganiza zolemba zimene ndinaona ndi maso anga.

Munthu mmodzi amene akanawafotokoza moona sanalankhule konse. Ameneyu ndi a Dikisoni Sakala, mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu yathu. Anaimirira kumbuyo kwa khamu mwambo wonse, pafupifupi maola atatu, ngakhale kuti mwendo wawo wamanja ndi wolumala pang'ono, ndiponso anapatsidwa mpando kawiri. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti mphunzitsi ameneyu ndi wamakani. Sindinamuyankhe, chifukwa yankho lake ndi lalitali.

A Tembo ankaphunzitsa masamu m'makalasi aakulu, komanso ndiwo ankayang'anira masewera olimbitsa thupi. Anali aafupi ndi owonda, a msana wowongoka, ndipo ankavala nsapato zoyera zansalu zimene ankazipaka choko. Kwawo kunali mtunda wa theka la ola pa njinga. Ankafika m'mawa ana asanayambe kusesa, n'kuyedzamiritsa njinga pa mtengo wa bulugamu, kenaka n'kuyamba kuzungulira bwalo la mpira. Ankazungulira kasanu ndi kamodzi, osathamanga, osaima. Mvula ikamagwa ankapinda thumba la feteleza n'kulivala kumutu, ulendo n'kumapitirira. Mapazi awo anapanga kanjira kozungulira bwalo lonse, kopapatiza, kolimba ngati pansi pa nyumba yozira.

Pa kaliyala ya njinga yawo pankakhala kampando ka mlombwa ka miyendo itatu, komangidwa ndi chingwe cha mphira. Ankakhalapo pochonga makope, koma ntchito yake yeniyeni inali ina. Munthu aliyense amene wayamba kudzitama kuti ndi wamphamvu ankamuuza kuti akhale pa kampandoko ndi kudzuka kakhumi, manja atawapinda pachifuwa. Ambiri ankayamba ndi kuseka, n'kufika kachisanu ndi chiwiri akugwira maondo.

Chiphunzitso chawo chinali chachifupi moti ena ankachiyesa kusowa nzeru. Ankati thupi silifuna zachilendo, limafuna zomwezomwezo tsiku ndi tsiku. Munthu ayende mtunda. Anyonyomale ndi kudzuka osagwira pansi. Akanyamula katundu apinde maondo, msana ausiye wowongoka. Agone nthawi yake. Ankanena kuti ukalamba suyambira kumutu kumene kumamera imvi, umayambira m'ntchafu tsiku limene munthu wayamba kufuna dzanja la mnzake kuti adzuke pa mphasa. Tsiku la msika pa Kamwendo ankaima n'kumayang'ana amayi ochokera m'maesiteti a fodya akutula ndi kusenza matumba a mtedza, ndipo ankabwerako akunena kuti amayi amenewo amadziwa bwino kunyamula kuposa buku limene tinkawerenga ku koleji. Koma akaona tenanti akukweza belo la fodya ataweramitsa msana, ankamudzudzula pomwepo, ngakhale sakumudziwa dzina.

Lilime lawo silinkasankha munthu. Tsiku lina woyendera sukulu wochokera ku Boma anatsika pa galimoto n'kufika ku ofesi akupuma wefuwefu. A Tembo anamulonjera mwaulemu wonse, kenaka n'kumuuza pamaso pa aphunzitsi kuti galimoto ikumudya miyendo, ndipo akapanda kusamala idzamaliza. Ine, monga wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ndinachita manyazi kwambiri, ndipo mlendoyo atachoka ndinawadzudzula. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundifunsa ngati ananena bodza.

Ine ndi iwo tinkakangana makamaka pa nkhani ya atsikana. Sindinkafuna kuti atsikana akuluakulu azinyonyomala pabwalo atavala madiresi, anyamata akuona. Iwo ankati miyendo ya mtsikana idzasenza zambiri kuposa ya mnyamata, choncho siyenera kumanidwa. Tinagwirizana kuti atsikana azichitira kuseri kwa kalasi, ine ndikuyang'anira. Ankandiuza kuti woyang'anira naye azichita nawo. Ndinakana zaka zonse khumi ndi zinayi.

Kenaka kunabwera ndale za zipani zambiri. Amene sanaone nthawi imeneyo sangamvetse mmene mawu akuti ufulu analowera paliponse, mpaka m'kalasi. Ana anayamba kukana kusesa. Makolo ena ankabwera kudzafunsa chifukwa chimene ana awo akufoletsedwa m'mawa ngati akaidi. Chilichonse chochitidwa pamzere, motsatira wezulo, chinayamba kununkha boma lakale. M'nyengo yomweyo kunafika a Sakala, ali mnyamata wongotuluka kumene ku koleji, wansangala, wodziwa kuphunzitsa, wokondedwa ndi ana. Anabwera ndi wailesi ya kaseti. Anali ndi mlamu wawo wochita malonda odutsa malire, amene ankawabweretsera magazini ndi makaseti ochokera ku Chipata, oonetsa mmene anthu a kunja amalimbitsira thupi.

Pa msonkhano wa aphunzitsi a Sakala anaimirira n'kupempha kuti masewera a m'mawa asinthidwe. Analankhula bwino, ndipo zina zimene ananena zinali zoona: ana ankatopa ndi chinthu chimodzimodzi, ndipo a Tembo sankamwetulira. Koma pomaliza anawonjezera mawu amene sanafunike. Anati kuyendetsa ana pamzere ndi zotsalira za nthawi ya nkhanza, ndipo amene anazolowera kulamula ndi wezulo ayenera kudziwa kuti nthawi yawo inatha.

Pano ndiyenera kubwerera m'mbuyo. M'nthawi ya chipani chimodzi, anyamata a chipani anabwera tsiku lina kudzatenga ana onse kuti akaime m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, kudikira mlendo wamkulu amene ankayembekezeka kudutsa masana. Unali mwezi wotentha. A Tembo anakana kupereka ana a makalasi aang'ono. Anamenyedwa mbama pamaso pa ana omwewo, ndipo kuchokera tsiku limenelo khutu lawo lamanzere silinamvenso bwino. Ine ndinalipo. Ndinaona ndili pa khonde la Sitandade 3.

A Sakala sankadziwa zimenezi, ndipo a Tembo sanazitchule. Ine amene ndinkadziwa ndinakhala chete. Masiku amenewo nkhani iliyonse inkathera pa kuvota, ndipo mphunzitsi wamkulu atati okonda maganizo a a Sakala akweze manja, inenso ndinakweza langa. Ndinali nditatopa ndi madandaulo a makolo. Ndalemba izi kuti aliyense wowerenga asandiyese woweruza wopanda mlandu. A Tembo anayang'ana manja athu mmodzimmodzi ngati akuwerenga mayankho a masamu, anavula wezulo m'khosi, anaiika pa tebulo, ndipo anapempha kuti tipitirire ku mfundo yotsatira.

Zimene zinatsatira zinali zosangalatsa poyamba. Teremu yoyamba ana ankavina molumpha motsatira nyimbo za pa kaseti, ndipo mabatire akatha masewera ankathanso. Teremu yachiwiri, nyumba zoonetsera kanema zitachuluka pa Kamwendo, kunabwera karate. Ana ankakuwa ndi kumenya mphepo, mpaka mmodzi anathyoka chala pofuna kuswa njerwa. Kenaka kunabwera zitini za penti zothiramo simenti, zolumikizidwa ndi chitsulo, zimene anyamata ankanyamula kuti atupitse mikono uku miyendo ili ngati mapesi. Panali nthawi ina imene ngakhale aphunzitsi aakazi ankavala mapepala a pulasitiki m'kati mwa zovala kuti atuluke thukuta lambiri. Chilichonse chinkakhala miyezi iwiri kapena itatu, kenaka n'kuiwalika. A Tembo anapuma ntchito patapita zaka ziwiri, koma sanasiye kubwera m'mawa kudzazungulira bwalo. Iwo ndi a Sakala ankapatsana moni wa mawu awiri, basi.

Ngozi inachitika m'nyengo yogulitsa fodya. A Sakala ankachokera ku Boma pa matola, galimotoyo inaphulika tayala n'kugubuduzika. Anathyoka fupa la m'ntchafu yamanja. Anagona m'chipatala miyezi itatu mwendo uli chokokedwa, ndipo atatuluka anabwera ndi ndodo ziwiri zoyendera, atalangizidwa kuti aziyesa kuponda pang'onopang'ono. Koma mwendo unali utawonda ngati dzanja, ndipo ulendo woyamba umene anayesa kuima anagwa. Kuchokera pamenepo anachita mantha.

Ife tinachita zimene timachita kwathu kuno munthu akadwala. Tinawazinga ndi chifundo. Akazi awo, a Nabanda, ankawasambitsa ndi kuwabweretsera chilichonse pa mphasa. Amayi a mpingo ankabwera kudzaimba. Aphunzitsi tinkasinthana kukawazonda, ndipo aliyense wolowa ankayamba ndi mawu akuti asadzuke, asavutike, akhale pomwepo. Mlamu wawo uja anabweretsa lamba wonjenjemera wochokera ku Chipata, wolumikiza ku batire ya galimoto, amene pepala lake linkalonjeza kuti amalimbitsa minofu munthu atangogona. A Sakala ankamumanga pa ntchafu m'mawa ndi madzulo. Panapita miyezi iwiri, mwendo uli chimodzimodzi.

Ndipo kunabwera kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro. Inanena kuti tchuthi chawo cha matenda chatha, ndipo akapanda kuyamba ntchito tsiku lotsegulira sukulu mu Januwale, adzatumizidwa kwa madokotala kuti apumitsidwe ntchito. Kupuma ntchito kunkatanthauzanso kutuluka m'nyumba ya aphunzitsi. Anali ndi zaka makumi atatu, mkazi, ndi ana awiri aang'ono. Ndine ndinakapereka kalatayo. Anaiwerenga kawiri n'kutembenukira ku khoma. Unali mwezi wa Okutobala.

Lolemba lotsatira a Tembo atamaliza kuzungulira bwalo, anakankha njinga yawo mpaka pa nyumba ya a Sakala. Anamasula kampando kaja, anakaika pansi pa mtengo wa gwafa umene unali mapazi asanu ndi anayi kuchokera pakhomo, n'kukhala. A Nabanda anatuluka, anagwada, n'kuwapempha kuti alowe.

"Ndabwera kudzazonda aphunzitsi," anatero a Tembo. "Auzeni kuti ndafika."

"Lowani, bambo. Paja satha kutuluka."

"Ine ndine wamkulu, mwana wanga. Kwathu kuno mwana ndiye amadza kudzalonjera. Ndidikira."

Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo anamanga kampando kawo n'kupita. Lachiwiri anachita chimodzimodzi. Pofika Lachitatu nkhani inali itafalikira m'nyumba zonse za aphunzitsi ndi m'mudzi woyandikana nawo. Anthu ankati nkhalamba yabwera kudzabweza chipongwe cha wezulo. Wozonda wodwala amalowa m'nyumba, amakhala pansi pafupi ndi mphasa, amalankhula motsitsa mawu. Kukhala panja n'kumaitana wodwala chinali chinthu chimene palibe anachionapo. A Nabanda anabwera ku ofesi akulira, ndipo ine ndinapita kukathetsa nkhaniyo.

Ndinawalankhula mwaukali. Ndinati munthu wa msinkhu wawo, mkulu wa mpingo, sayenera kusunga chakukhosi mpaka kuzunza wodwala. Anatembenuza mutu kuti andimve ndi khutu lamanja, monga ankachitira nthawi zonse. Nditamaliza anandiuza kuti sabata yapitayo anapalasa njinga mpaka ku Boma, anadikira tsiku lonse pa chipatala, ndipo anaonana ndi dokotala amene ankasamalira a Sakala. Anamufunsa funso limodzi lokha, ngati fupalo lingathe kusenza munthu. Dokotala anati linalumikizana kalekale.

"Fupa lapola, a Naphiri," anatero. "Chatsala ndi mantha ake ndi chifundo chanu. Mukumupha miyendo ndi chifundo. Ine sindilowa."

Ndinabwerera ku ofesi ndili wokwiya.

Lachinayi ndinaona ndekha zimene zinachitika, chifukwa zenera la kalasi yanga linkayang'ana komweko. A Tembo anali atakhala pafupifupi ola limodzi pamene chitseko chinatseguka. A Sakala anatulukira atatsamira ndodo ziwiri, nkhope ili gwa, a Nabanda akuwagwira malaya kumbuyo. Sanatuluke kudzalonjera. Anatuluka kudzathamangitsa nkhalambayo pakhomo pawo, monga anadzavomera okha pambuyo pake. Mapazi asanu ndi anayi aja anawatengera nthawi yaitali moti ana anga anasiya kulemba. Atafika pa gwafa thukuta linali kamukamu, ndipo mpweya wolankhulira unali utawathera. A Tembo anadzuka n'kuwasunthira kampando.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Khalani."

A Sakala anakhala chifukwa sakanatha kuchita china. Atapeza mpweya anafunsa kuti, "Mwabwera kudzandiseka, bambo?"

"Ndikanafuna kuseka ndikanaseka chaka chija cha karate. Mwapuma? Dzukani tsopano."

Anadzuka katatu tsiku limenelo, akugwira mapewa a a Tembo. M'mawa mwake kampando kanali mapazi atatu kupitirira gwafa.

Umu ndi mmene ntchito yonse inayendera, ndipo palibe chodabwitsa chimene ndinganene za iyo. A Tembo anali atawerenga mapazi kuchokera pakhomo pa a Sakala kukafika pa khonde la Sitandade 7, ndipo anapeza mazana awiri ndi khumi. M'mawa uliwonse ankaika kampando patsogolo pang'ono pa njira imeneyo n'kudikira kulonjeredwa. A Sakala akafika ankakhala ndi kudzuka, poyamba kasanu, kenaka kakhumi, kenaka osagwira kanthu. Akatero ankabwerera kunyumba. Lamba wa ku Chipata uja a Tembo sanamunyoze. Anangopempha kuti batire ibwezedwe kwa mwini wake, amene galimoto yake inali chiimire.

Sizinayende mosalala. Mlamu uja anabweranso ndi mafuta opaka amene ankati amalowa mpaka m'fupa, ndipo a Sakala, atatopa ndi kampando, anafunsa ngati panalibe njira yachidule. A Tembo anayankha kuti njira yochokera pakhomo kukafika ku kalasi anaiyeza okha, ndipo yachidule kuposa imeneyo sanaipeze. Mvula yoyamba itagwa a Sakala anaterereka n'kugwa m'matope, ndipo a Nabanda anatola kampando n'kukaponya m'munda wa chimanga. A Tembo anakatola, anakapukuta ndi udzu, n'kukabwezera pamalo pake.

Iwonso analakwitsa, ndipo sindibisa. Kumayambiriro kwa Disembala, poona kuti masiku akutha, anasuntha kampando mapazi makumi atatu tsiku limodzi. A Sakala anafika, koma bondo linatupa ndipo anagona masiku anayi. A Tembo sanapepese. Kupepesa ndi mawu sankakudziwa, ndipo chimenechi chinali chilema chawo chachikulu. Anangobweza kampando m'mbuyo mapazi makumi awiri, ndipo tsiku limenelo anabwera ndi mazira asanu m'chipewa. A Nabanda analandira mazirawo koma sanawayankhe moni mpaka Khirisimasi.

M'masabata amenewo ndi pamene a Sakala anandifunsa chifukwa chimene a Tembo ankaumirira kuti munthu aziima ku dzanja lawo lamanja. Ndinawauza za mbama ija, ndi za ana aang'ono amene sanapite kumsewu. Ndinawauzanso kuti ndinkadziwa zonsezi tsiku la msonkhano lija. Kenaka anandifunsa chifukwa chimene ndinakwezera dzanja.

Tsiku lotsegulira sukulu kunali mitambo koma mvula sinagwe. Mkulu wa ku ofesi ya maphunziro anafika pa njinga yamoto ndi fayilo yake. Kampando kanali pa khonde la Sitandade 7, pambali pa chitseko, a Tembo atakhalapo, nsapato zawo zili mbee. Khondelo lili ndi masitepe atatu, ndipo a Tembo anali atawazoloweretsa kale a Sakala kukwera pa njerwa zosanjikiza kuseri kwa nyumba. A Sakala anatuluka atavala taye, ali ndi ndodo imodzi. Palibe anaimba, palibe anaomba m'manja, chifukwa ndinali nditachenjeza ana onse. Anayenda mapazi mazana awiri ndi khumi aja akutsimphina, anakwera masitepe limodzilimodzi, anaima pamaso pa a Tembo n'kuwalonjera monga mwa masiku onse. A Tembo anayankha moni, anatambasula dzanja n'kulandira ndodo ija.

"Lowani," anatero. "Ndipo musakhale pansi."

A Sakala anaphunzitsa masamu ola lathunthu ali chiimire, mkulu uja atakhala kumbuyo kwa kalasi. Anasaina pepala lake n'kupita. Ntchito inatsala, nyumba inatsala. Pamene a Sakala ankatuluka kudzathokoza, a Tembo anali atamanga kale kampando pa kaliyala, ndipo njinga yawo inali itafika pa msewu.

Pa msonkhano wotsatira a Sakala anapempha kuti ana ayambirenso kuyenda ndi kunyonyomala m'mawa, ndipo ananena poyera kuti mawu amene analankhula zaka zinayi zapitazo anali oipa. Anapita ndi wezulo kwa a Tembo, koma iwo anaikana. Anati anapuma ntchito, ndipo wezulo si imene imayendetsa miyendo. Kaseti ija sinatheretu. Inkalira Lachisanu lililonse, ndipo a Tembo anaidandaula mpaka imfa yawo. Koma kuyambira teremu imeneyo anthu awiriwa ankazungulira bwalo limodzi m'mawa uliwonse, a Tembo m'kanjira kawo kakale, a Sakala ku dzanja lawo lamanja. Ankatsutsana pa ndale, pa mpira, ndi pa kaphunzitsidwe ka masamu. Patapita zaka panaoneka kanjira kachiwiri pambali pa koyamba, kozama pang'ono mbali imodzi chifukwa cha mwendo wotsimphina uja.

Matenda a a Tembo anali a mtima. Miyendo imene anaisamala moyo wawo wonse inatupa mpaka nsapato zoyera zija zinasiya kulowa. Zimenezi zinawapweteka mumtima kuposa ululu weniweniwo, ndipo anakhala ovuta kuwasamala. Mwana wawo wamkazi, amene ankawadwazika, anandiuza kuti ankakana kugwiridwa dzanja podzuka, ngakhale pamene zinali zoonekeratu kuti paokha sangathe. M'miyezi imeneyo a Sakala ankapalasa njinga m'mawa uliwonse sukulu isanayambe, ankatenga kampando pa khonde la a Tembo, n'kukaika pabwalo. Nkhalamba inkatuluka. Poyamba mapazi khumi, kenaka asanu, kenaka mpaka pa chitseko pokha. M'mawa wina mwana wawo uja anatuluka n'kunena kuti lero sizitheka. A Sakala anadikira pang'ono, kenaka ananyamula kampando, analowa nako m'nyumba, n'kukhala pafupi ndi mphasa, mbali ya khutu lamanja.

"Mwaphwanya lamulo, aphunzitsi," anatero a Tembo.

"Ayi, bambo. Ine ndine mwana. Ndabwera kudzalonjera."

Anamwalira patapita masiku awiri.

Banja linapereka kampandoko kwa a Sakala. Kali m'kalasi ya Sitandade 7, pambali pa chitseko, ndipo palibe amakhalapo, chifukwa mwini kalasiyo amaphunzitsa ali chiimire. Ine ndatsala ndi zaka zochepa kuti ndipume ntchito. Masiku ano m'mawa, chitseko nditatseka, ndimakhala pa mpando wa m'chipinda changa ndi kudzuka kakhumi, manja nditapinda pachifuwa. Ndikanayamba iwo ali moyo, koma ndinali wouma mutu monga iwo.

Dzulo ndinafika ku sukulu molawirira ndipo ndinapita kukaima pa bulugamu paja ankayedzamiritsa njinga. Khungwa lake likadali losalala pamene chiwongolero chinkakhudza. A Sakala anali akuzungulira bwalo okha, m'kanjira kawo ka kunja. Kanjira ka m'kati sapondamo, ngakhale pamene kawo kali ndi matope. Mvula ya chaka chimodzi yakwanira kuti kapinga alowemo kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo kuseri kwa golo wa kum'mawa kanjirako katsekeka kale. M'malo ena mukuonekabe dothi lofiira, lolimba, lopapatiza ngati phazi limodzi. A Sakala akafika pa ngodya amakhota motalikira, kusiya mpata wa munthu mmodzi ku dzanja lawo lamanzere.